M'kalasi mwa Mkamwini Wanga

Ine ndinayamba kuphunzitsa ndisanapondeko pakhomo la koleji iliyonse. Kwathu ku Mlolo makolo atatopa ndi kuona ana akuoloka mtsinje wodzaza popita kusukulu ya boma, anaumba njerwa, namanga zipinda ziwiri zofolera ndi udzu, kenako n'kuyamba kufunafuna munthu wodziwa kugwira choko. Ine Giledi 12 ndinali nditamaliza kalekale, satifiketi ikungogona m'sutikesi pansi pa zitenje, mwini wake ali kudimba ndi mwana kumbuyo. Anandipempha kuti ndingogwirizira mpaka boma litatumiza aphunzitsi enieni. Kugwirizirako kunandimeretsa imvi. Malipiro anali chimanga, chaka china mtedza, chaka cha njala zikomo wapakamwa basi. Koma ntchitoyo ndinaikonda kuposa mmene ndinkayembekezera. Mwana amene dzulo ankagwira pensulo ngati mpini wa khasu akalemba dzina lake koyamba, ine njala ndinkaiwala.

Boma litaitenga sukuluyo linabweradi ndi zabwino: malata, madesiki, ndi ahedi okhala ndi mapepala awo. Ahediwo anali munthu wabwino, ndipo nkhani yanga anandiuza atatseka chitseko cha ofesi kuti ana asamve.

"Mayi, ine ndikudziwa kuti sukulu ino munaibereka kumsana ndinu. Koma kuboma sawerenga msana, amawerenga pepala. Aphunzitsi atsopano akangotumizidwa, amene alibe pepala la uphunzitsi adzayenera kusiya kalasi."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Giledi 6 yanga, imene ana ake ena ndinaphunzitsanso amayi awo, ndiisiyire kamtsikana kongochoka kumene kukoleji, kosadziwa n'komwe kuti mwana uyu akamagona m'kalasi ndiye kuti wachokera kobusa ng'ombe? Ndinatuluka osatsazika. Koma mkwiyo sulemba munthu ntchito, ndiye m'mawa mwake ndinabwerera kukafunsa chochita.

Ahedi anandiuza za koleji ina ku Chipata yolandira aphunzitsi amene ali kale pantchito. Amaphunzira pa holide, ana akatsekera. Zaka zimene munthu waphunzitsa amaziwerengera, moti maphunziro ena amakudumphitsa. Anabwera anthu awiri kudzandionerera ndikuphunzitsa, ndipo zina monga kasamalidwe ka kalasi anati ndisavutike nazo, ndikuzidziwa kale. Koma panali maphunziro amene sadumphitsa munthu aliyense, ndipo limodzi linali la kaphunzitsidwe ka masamu. Ukalephera limenelo, kapena ukajomba kwambiri, pepala palibe. Ine pepala likapanda kutuluka, kalasi yanga inali itapita.

Tsopano ndikuuzeni za ntchito yanga yachiwiri, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Kumpingo kwathu ine ndine mlangizi. Atsikana akatha msinkhu, ndiponso akamalowa m'banja, amabwera nawo kwa ife kuti tiwauze za ulemu ndi kasungidwe ka pakhomo. Pa malangizo onse, amene ndinkawalimbikira kwambiri anali a apongozi. Kwathu mkamwini ndi mayi wa mkazi wake sayang'anizana. Akakumana panjira amapatukira kutchire. Sadyera pamodzi, sakhala mphasa imodzi, satchulana mayina, ndipo ngati pali mawu amadzera mwa munthu wina. Alendo amaganiza kuti ndi chidani, koma si chidani ayi. Malemu amuna anga anakhala pamudzi pa amayi anga mpaka amayiwo kumwalira, osaonana nawo maso. Koma chaka ndi chaka ankayamba kuluka nkhokwe ya amayi asanaluke yathu, ndipo pamaliro pawo analira kuposa ife ana awo. Ulemu umenewo ndi umene ndinakulira, ndipo ndinkaunyadira kwambiri.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Zingalume, wa m'banja lopemphera, mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina ku Chipata. Munthu waulemu woti sungamupezere chifukwa. Akabwera kumudzi ankafikira kwa alongo anga, moni n'kutumiza kudzera mwa mkazi wake. Anali atandipatsa kale adzukulu awiri, koma nkhope yake ndinkangoidziwa pachithunzi cha ukwati. Chimene ndinkachidziwa bwino chinali msana wake ndi kayendedwe kake, popeza ndizo ndinkaona akamapatuka panjira. N'chifukwa chake nditalandiridwa kukoleji sindinaganizeko zokagona kunyumba kwawo. Ndinasankha hositelo.

Alongo anga anandikweza panjinga mpaka kuboma, sutikesi ili pamiyendo panga, akundiseka njira yonse kuti ayiwala kundigulira yunifolomu. Kuchoka apo ndinakwera minibasi ya ku Chipata. Kuhositelo anandiika chipinda chimodzi ndi atsikana atatu, onse a msinkhu wa ana anga, ndipo bedi langa linali lapamwamba. Ndinaima n'kumangoliyang'ana, osadziwa kuti mwendo uti uyambe. Mmodzi wa atsikanawo, wokulira ku Migodi, m'matauni akutali okumba kopa, wapakamwa posatseka koma wamtima wabwino, anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Amama, mukagwa apo ana anu tikawauza chiyani? Gonani pansi pano, ine ndikwere."

Kuyambira tsiku limenelo kalasi yonse inkanditcha Amama. Atsikanawo anandiphunzitsa kutumiza ntchito pafoni, ine ndinkawathandiza kulemba mapulani a phunziro ndi kuwakalipira akasiya mbale zosatsuka. Holide zoyamba zinapita bwino. Kunena zoona sukulu inandikomera. Munthu amene wakhala akuimirira kutsogolo moyo wake wonse, kukhala pansi wina n'kumamuphunzitsa, amamva kupumula kumene sankakudziwa. Zina zimene ndinkachita mongoganizira ndinapeza kuti zili ndi mayina m'mabuku. Zina ndinapeza kuti pali njira yachidule yozichitira, ine ndinkazungulira. Ndikabwerera ku Mlolo ndinkalowa m'kalasi ndi mphamvu zatsopano, mpaka ana ankadandaula kuti Chipata wandiwonjezera ukali.

Phunziro la masamu linabwera pa holide yomaliza. Ine ndinkakhala kutsogolo, chifukwa maso anali atayamba kale kundinamiza. M'mawa umenewo ndinali ndikusongola pensulo, mutu uli pansi, pamene ndinamva munthu akulowa. Ndinayamba kuona nsapato, kenako kapondedwe kake, kokokera pang'ono mwendo wamanzere. Mtima unadumpha. Atapereka moni mawuwo ndinawazindikira, popeza ndinkawamva kuseri kwa mpanda kwa alongo anga. Koleji inali itasowa mphunzitsi wa masamu, ndiye inabwereka wa kusekondale kuti adzaphunzitse pa holide. Anali mkamwini wanga.

Thupi linachita lokha, mutu usanaganize. Ndinatsetsereka pampando, n'kugwada pansi pakati pa madesiki, nkhope nditatembenuzira kukhoma, chitenje chili kumaso. Anzanga anayesa ndakomoka. Wina anathamangira madzi, wina akundikupiza ndi kope. Naye mphunzitsi anabwera kuti aone wodwalayo, ndipo atazindikira chitenjecho, chimene anachita kundigulira yekha pa Khirisimasi, choko chinamugwa m'manja. Anabwerera chafutambuyo mpaka kugunda bolodi ndi msana, kenako anatulukira panja. Kalasi ya anthu akuluakulu inangoti kukamwa yasa, mphunzitsi ali panja, wophunzira ali pansi.

Kuchipinda mtsikana wa ku Migodi uja anandiumiriza mpaka ndinamuuza. Anayamba ndi kuseka.

"Asa! Ndiye vuto ndi chiyani, Amama? Si ndiye mwayi umenewo? Mwakhoza kale inu!"

Atandiyang'ana bwino anaona kuti ndikulira, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Anakhala pambali panga n'kundigwira dzanja, ngakhale sankamvetsa. Anzathu a kuno kum'mawa, makamaka akuluakulu, nkhaniyo atangoimva anapukusa mitu, chifukwa iwo ankadziwa kulemera kwake.

Masiku otsatira anali ovuta kwa tonse awiri. Ine ndinasamukira kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, kuseri kwa bambo wina wamtali amene anavomera kukhala mpanda wanga. Mkamwini wanga ankaphunzitsa atayang'ana bolodi ndi mbali ya mawindo yokha, moti a mbali yathu anayamba kung'ung'udza kuti aphunzitsi anagonera khosi. Mayina anasiya kuitana yekha, anapatsa mtsogoleri wa kalasi, chifukwa langa akanalitchula ndi pakamwa pati? Kumbuyoko bolodi sindinkaliona. Akafunsa funso loti yankho ndikulidziwa, dzanja linkafuna kukwera, ine n'kulikhalira. Pamene sindinamve, ndinkangomeza. Choopsa kwambiri chinali kutsogolo: aliyense ankayenera kudzaimirira pamaso pa kalasi n'kuphunzitsa anzake, mphunzitsi akumuonerera, kenako n'kukhala naye pansi kuti amuuze pamene walakwitsa.

Ndinayamba kujomba. Nthawi ya masamu ikakwana ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa khitchini, buku lili pamiyendo, osawerenga. Ine yemwe ndinkathamangitsa ana ojomba kudambo ndi kamtengo m'manja! Amayi ophika ankandiyang'ana mondimvera chisoni, tsiku lina mpaka anandipatsa tiyi. Ndinkadziseka ndekha kuti walira mvula walira matope, sukulu ndinaifuna ndine.

Ndinapita kwa mayi woyang'anira maphunziro athu kukapempha kuti andisamutsire kalasi ina. Anandimvetsera mpaka kumapeto, osaseka.

"Mayi, nkhani yanu ndaimva, nanenso ndine wa konkuno. Mayeso anu adzachonga wina, ndipo tsiku lophunzitsa anzanu ndidzakhalapo ine, kuti pasadzakhale wonena kuti munakonderedwa. Koma kalasi ya masamu ndi imodzi yomweyi, mphunzitsi ndi mmodzi. Mukapitiriza kujomba, ndilibe pokugwirirani."

Ndinabwerera kuhositelo n'kuyamba kulongedza. Ndinati kaya pepala kaya kalasi, zipite. Sindingakhale mlangizi amene amauza ana a eni kuti apongozi n'ngoopa, iye n'kukaimirira pamaso pa mkamwini wake khosi lili njo. Ndikabwerera kumudzi atsikanawo ndikawauza chiyani? Koma popinda zovala ndinkaona nkhope za ana anga a Giledi 6, ndipo manja ankalemera.

Loweruka masana anatulukira mwana wanga wamkazi uja, khanda lili kumbuyo. Anaona sutikesi yomangamanga, nakhala pansi.

"Iwe, unkadziwa zimenezi?" ndinamufunsa.

Anayang'ana pansi. "Ndinkadziwa, amayi."

"Ndiye n'kungokhala duu, mpaka ine kukagwada pansi pamaso pa anthu?"

"Ndikanakuuzani mukanabwera? Amuna anga atandifunsa ndinawauza kuti inu masamu anakudumphitsani, apo ayi ntchitoyo sakanaivomera. Ndinkati mwina mukakumana mupirirana. Nonse awiri mitu yanu ndi youma chimodzimodzi."

Ndinafuna kumukalipira kuti makutu amuwawe, koma anapitiriza.

"Amayi, Lolemba akukasiya ntchito ya kukolejiyo. Akuti sangakhale munthu wotsekereza amayi pakhomo la sukulu yawo. Kudya sakudya. Ndipo mudziwe kuti akoleji anawauza kuti akaphunzitsa bwino holide ino adzawaganizira zowalemba ntchito yokhazikika. Chinthu chimene akhala akuchifuna kuyambira ndisanakwatiwe nawo."

"Akasiya abwera wina?"

"Akuti holide ino wina sangapezeke. Kalasi yonse idikira chaka chamawa."

Chaka chamawa aphunzitsi atsopano akanakhala atafika kale ku Mlolo. Ndiye kuti iye akanataya ntchito yake, anzanga onse akanachedwa, ndipo ine kalasi yanga ikanapitabe. Munthu amene sanandiyang'anepo kumaso anali wokonzeka kutaya chake chifukwa cha ine, mwakachetechete, monga malemu amuna anga ndi nkhokwe ya amayi. Ndinamukonda mwana wa eni ameneyo tsiku limenelo kuposa kale lonse, ndipo ndinachita naye mantha kuti achitadi. Akulu anati manyazi anapha lambe. Ife manyazi athu anali pafupi kupha anthu awiri nthawi imodzi.

Njira inalipo, ndipo ine mlangizi ndinkaidziwa kuposa wina aliyense. Kwathu apongozi amatha kumasulana. M'banja mukabadwa ana, mayi wa mkazi akaona kuti mkamwini ndi munthu, amamuphera nkhuku, n'kumupatsa ndi manja ake pamaso pa ankhoswe. Kuyambira pamenepo angathe kulankhulana ndi kuonana maso. Ine mwambo umenewu sindinkautchula kwenikweni polangiza. Amayi anga sanauchite, ndipo ine ndinkaona ngati omasulana ndi anthu otopa msanga ndi ulemu. Ndinali nditatsimikiza kuti ndidzapita kumanda ngati amayi anga, mkamwini akundilira chapatali.

Foni yanga inalibe ndalama, ndiye ndinabwereka ya mwana wanga n'kuimbira alongo anga, amene ndiwo ankhoswe a banjalo. Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola.

"Ha! Mlangizi wamkulu wa ku Mlolo wagonja ndi masamu! Nkhani imeneyi ndikaifotokoze kuti?"

"Mukaifotokoza ndikuswani mwendo. Mubwere mawa, ndipo mutenge tambala wofiira uja m'khola mwanga. Nkhuku ya m'firiji ya m'sitolo singamasule munthu."

Anabweradi. Anapalasa njinga m'mamawa mpaka kuboma, n'kukwera minibasi tambala ali m'manja, atajomba kutchalitchi, chinthu chimene mpaka lero amandiwerengera. Amalume ake a mkamwini, amene amagwira ntchito mu Chipata momwemo, nawo anaitanidwa. Lamulungu masana ndinalowa pakhomo pa mwana wanga koyamba mwini nyumba alipo. Nkhukuyo ndinaiphika ndekha pambaula kuseri kwa nyumba, ndipo mchere ndinaulawa kangapo, chifukwa lilime linali litasiya kumva.

Anayala mphasa pakhonde. Alongo anga analankhula mawu ochepa, akuti mwana uyu tamuona, watisungira mwana wathu, lero amayi ake akufuna amudziwe. Amalume aja anavomera ndi m'manja. Ine ndinabwera ndi mbale chogwada, nkhope ili kumbali. Naye anali atagwada, nkhope ili kumbali inayo. Ndinatambasula manja, iye natambasula ake, koma manjawo anaphonyana, msuzi n'kuyamba kudontha pamphasa.

"Yang'anani kumene mukupereka, anthu inu!" anakuwa alongo anga. "Tambala ameneyu ndavutika naye m'minibasi, mukufuna adye agalu?"

Ndinatembenuka n'kumuyang'ana. Anali ndi kachipsera pachibwano kamene pachithunzi sikankaoneka. Maso ake anali a mdzukulu wanga wamkulu, enieniwo. M'mutu munali mutayamba timvi tiwiri titatu, ndipo ndinadabwa kuti mnyamata amene ndinkamuthawa zaka zonsezi anali atakula ndisakumuona. Misozi inali ikumutsika, iye osaipukuta.

"Idyani, mwana wanga."

"Zikomo, amayi."

Amenewo ndiwo anali mawu athu oyamba. Anaika kandalama pansi pa mbale monga mwa mwambo, mwana wanga n'kuimba nthungululu mpaka khanda kudzidzimuka. Ine ndinasangalala, koma ndinamvanso chisoni, ndipo sindichita manyazi kunena. Chinthu chimene amayi anga anachisunga mpaka kufa ine ndinachimasula masana amodzi, pakhonde la simenti m'tauni. Potsazika ndinamuuza mawu amodzi, ndikuyang'anabe pang'ono kumbali chifukwa khosi linali lisanazolowere.

"Mawa mukaphunzitse. Zosiya ntchito ndisazimvenso. Ndipo m'kalasi muja ine ndine wophunzira, musakandinyengerere."

Lolemba ndinabwerera pampando wanga wakutsogolo. Bambo wamtali uja anafunsa ngati ntchito yake ya mpanda yatha, kalasi n'kuseka. Aphunzitsi atalowa anapereka moni ku mbali zonse ziwiri, ndipo wina kumbuyo ananong'ona mokweza kuti khosi lapola. Tsiku limenelo phunziro linali la kugawa. Analemba pabolodi: zitatu kugawa ndi theka. Tonse tinayankha pamodzi kuti sikisi, chifukwa lamulo lake tinaliloweza tili ana, lotembenuza nambala n'kuchulukitsa.

"Chabwino," anatero. "Koma mwana wa kumudzi akakufunsani kuti chinthu mukuchigawa chikuchuluka bwanji, mumuyankha chiyani? Ndani angatipekere kankhani ka pakhomo kofanana ndi samuyi?"

Atsikana a mafoni aja onse mitu pansi. Ine nkhani za pakhomo ndiye kwathu, ana ndakhala ndikuwaphunzitsa ndi maungu ndi mbuzi moyo wanga wonse. Dzanja limene ndinkalikhalira lija linakwera lokha. Aphunzitsi analiona, nandiloza.

"Amayi."

Ndinaimirira. "Mayi wina wachokera kudimba ndi nzimbe zitatu. Pakhomo wapeza ana ake awiri. Ndiye wawagawira pakati ndi pakati, kuti wina asadandaule."

Ndinakhala pansi ndikudzimva. Koma aphunzitsi anangoima, choko akuchitembenuza m'manja. Anayang'ana bolodi, anayang'ana windo lawo lakale lija, kenako anayamba kulankhula mozungulira.

"Amayi ayesetsa ndithu. Kankhani n'kabwino, nzimbe tonse timazidziwa. Mwina tinganene kuti, mwanjira ina, tikaonetsetsa..."

Apo mtima wanga wa uphunzitsi unabwerera. Mawu amenewo ndimawadziwa, ndi amene timanena kwa mwana wa ahedi akalakwa. Ndinaimiriranso.

"Aphunzitsi, tambala uja sanafere zimenezo. Ndakhoza kapena ndalakwa?"

Iye anaika choko patebulo, nandiyang'ana m'maso.

"Mwalakwa, amayi."

Chiseko chinaphulika, mtsikana wa ku Migodi mpaka kumenya desiki. Nane ndinaseka, ngakhale makutu ankatentha. Phokoso litatha anafotokoza bwinobwino, osathamanga.

"Inu mwagawira ana awiri, ndiye aliyense walandira nzimbe imodzi ndi theka. Kumeneko n'kugawa ndi ziwiri. Samuyi ikufunsa china. Nzimbe n'zitatu zomwezo, koma mayi wanena kuti mwana aliyense alandire theka la nzimbe. Adya ana angati?"

Ndinaziona nzimbezo m'maganizo, iliyonse ikuthyoledwa pabondo, ndipo ndinaona ana sikisi ataima pamzere, aliyense ndi chidutswa chake. Lamulo limene ndinaliloweza ndili mtsikana tsiku limenelo ndi pamene ndinalimvetsa. Ndadzudzulidwapo kambiri pamoyo wanga, ndi amuna anga, ndi abusa, ndi ahedi, koma kudzudzula kokoma ngati kumeneko sindinakumvepo. Kuyambira pamenepo ndinkafunsa mafunso mpaka anzanga ankandikoka chitenje kuti nthawi ya chakudya yakwana.

Tsiku langa lophunzitsa anzanga linafika, mayi woyang'anira uja atakhala kumbuyo ndi cholembera. Nditamaliza mkamwini wanga anandiuza pamaso pawo kuti ndimalankhula kwambiri, ana sindiwapatsa mpata woganiza. Ndinafuna kumukumbutsa kuti mkazi wake ndinamulera ndi pakamwa pomwepa, koma ndinangolemba m'kope, popeza zinali zoona. Mayeso anachonga wina monga analonjezera. Ndinakhoza, osati pamwamba, koma ndinakhoza. Aphunzitsi atsopano atafika ku Mlolo anapatsidwa makalasi ena, ahedi n'kundiuza, ulendo uno chitseko chili chotsegula, kuti Giledi 6 ndi yanga.

Kumpingo amayi ena anang'ung'udza kuti mlangizi wagulitsa mwambo ndi pepala. Sindinawayankhe, chifukwa mbali ina mtima wanga womwe unkanena zomwezo. Atsikana ndimawalangizabe za apongozi monga kale, sindinachotsepo kanthu. Ndinangowonjezera za nkhuku, zimene kale ndinkazidumpha.

Mvula itayandikira mkamwini wanga anabwera kumudzi kudzasiya feteleza. M'mawa wa tsiku lobwerera ku Chipata tinakumana panjira ya kudimba, ine nditasenza mtolo wa nzimbe zoti ndikaphunzitsire. Miyendo yake inayamba yokha kupatukira kutchire, nayo yanga chimodzimodzi. Tinaima, aliyense mwendo umodzi uli m'udzu, mame akutinyowetsa. Kenako iye anabwerera m'njira, nandilandira mtolowo n'kuuika paphewa. Tinayenda limodzi mpaka kusukulu, iye patsogolo ine pambuyo, ndipo tinapeza ana anga atasesa kale m'kalasi akundidikira.